Wodwala amene anamupeza akuluka nkhokwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu ano. Ine ndine Lazaro Mbewe, mlimi wa kumidzi ya ku Sinda, ndipo ndili ndi mwendo umodzi. Winawo anaudula kuchipatala ku Katete, ngolo yodzaza thonje itandigubudukira pamtsetse wopita kudambo. Koma umboni wanga lero si wa mwendowo ayi. Ndi wa mmene ndinatsala pang'ono kulandidwa mbumba yanga ndi anthu ondikonda, ine ndili moyo, ndikudya ndi kukhuta.

Nditatuluka m'chipatala, anthu anandichitira chifundo chachikulu. Amayi a chigwirizano ankabwera ndi ufa ndi nkhuni, n'kuimba nyimbo pakhonde panga, ndipo ndinkalira ndi kuthokoza. Bala linapola, ndinaphunzira kuyenda ndi ndodo ziwiri, mvula inabwera n'kupita, koma kuzondako sikunathe. Kutchalitchi dzina langa linkatchulidwabe pamodzi ndi odwala, mwini dzinali nditakhala pompo pabenchi. Uthenga wa maliro unkadumpha nyumba yanga, moti ndinkadziwira kulira kwa amayi kuti m'mudzi mwagwa zovuta. Ndikafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi: "Inu pumulani, aMbewe." Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkapumula ntchito yanji.

Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kusokonezeka. Chala chachikulu cha mwendo wodulidwawo chinkandiyabwa, ndikati ndikande, n'kukanda mphepo. Ndinkadzifunsa kuti ngati thupi langa lomwe likundinamiza chotere, kodi anthuwa sangakhale kuti akunena zoona? Ndinkadzuka m'mawa ndili ndi mphamvu zofuna kukagwira ntchito kudimba, koma wina akandipatsa moni ndi mawu achisoni aja, mutu unkayambadi kundiwawa. Ngakhale kupemphera kunandivuta. Ndipemphe kuti ndichire, nanga ndichire chiyani? Ndipemphe mwendo wina? Ndinkangoti "Ambuye," kenako mawu n'kutha.

Tsopano mukudziwa kuti kwa ife Achewa, ana a mlongo wako ndi mbumba yako. Ine ndine wamkulu m'mimba mwathu, ndipo Esinati, mwana wa mlongo wanga Nambewe, ndinamulera ndine bambo ake atamwalira. Ndinkamunyamula panjinga kupita naye kusukulu mitsinje ikadzaza. Atakula anayamba kugulitsa ndiwo pamsika wa Katete, ndipo kumeneko anaonana ndi mnyamata wa ku Vubwi dzina lake Yosefe. Tsiku lina Esinati anabwera, n'kugwada chapatali, n'kunena kuti, "Atsibweni, kuli munthu akufuna kutuma akwawo kwa inu." Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Unkhoswe wa mwanayu unali wanga, ndipo ndinayamba kukonzeratu mawu okalankhula ndi alendowo.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mng'ono wanga Gidiyoni anabwera ndi mlongo wathu, nkhope zili ngati akudzanena maliro. Gidiyoni anati, "Achimwene, unkhoswe ndi ntchito ya miyendo. Anawa akadzayambana, akadzadwala, nkhoswe ayenera kuthamanga, ndipo ku Vubwi ndi kutali, kumapiri. Inu ndinu odwala, tisakutopetseni. Ndiima ndine." Nambewe anangoyang'ana pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo.

Mbali ina mawu akewo anali oona. Kuthamanga sindingathe. Koma mbali ina ndinkadzifunsa ngati chimenechi chinali chikondi, kapena ankachita manyazi kuti alendo adzaone mwini mbumba wa mwendo umodzi. Ndikati ndikwiye, ndinkakumbukira kuti Gidiyoni yemweyo ndiye anandilimira munda ndili m'chipatala. Ndikati ndithokoze, ndinkakumbukira kuti akundilanda udindo wanga. Esinati naye analeka kudutsa pakhomo panga, ndipo sindinadziwe ngati wagwirizana nazo kapena akuopa kundiyang'ana m'maso. Ndikunena poyera, abale, nthawi imeneyo ndinadziona ngati munthu woikidwa m'manda anthu atayiwala kumuuza kuti wafa.

M'mawa wina ndili kudimba ndinapemphera pemphero lalifupi, lopanda dongosolo. Ndinati, "Ambuye, za mwendo ndasiya. Mungondiuza chinthu chimodzi, kodi ndine wodwala kapena ndili bwino? Ngati ndine wodwala, ndipatseni mtima wogona pamphasa. Ngati ndili bwino, muwauze ndinu anthuwa, ine sakundimva." Sindinamve mawu aliwonse. Ndinathirira repu wanga n'kubwerera kunyumba ndili wosokonezeka monga ndinapitira.

Tsiku lobwera alendo a ku Vubwi abale anga sanandiuze. Anakonza zoti nkhani ikakambidwe kwa Nambewe, kumapeto kwa mudzi. Ine ndinali kuseri kwa nyumba yanga, nditakhala pampando wanga waufupi, ndikuluka nkhokwe yatsopano ndi nsungwi, pakuti ntchito imeneyi imafuna manja ndi maso basi. Thukuta linali kamukamu, malaya nditavula, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Kenako ndinamva "Odi!" wapansipansi, uja timachita pakhomo pamene pali matenda akayakaya.

Nditatembenuka ndinaona bambo wachikulire wosamudziwa, chipewa chili m'manja, pambuyo pake amuna awiri, ndipo kumapeto kwenikweni Gidiyoni ndi Nambewe akuyenda ngati akuponda minga. Mlendoyo anati, "Pepani bambo, takusokonezani pantchito. Ine ndine Sakala wa ku Vubwi, atsibweni ake a Yosefe. Tabwera kudzazonda odwala. Agona nyumba iti?"

Ine ndinadzidzimuka. Ndinaganiza kuti mwina mkazi wanga wagwa kuchitsime ine osadziwa, mpaka ndinasuzumira pakhomo. Ndinafunsa kuti, "Odwala ake ati?" ASakala anati, "Eni mbumba, aMbewe aakulu." Ndinayankha kuti, "AMbewe aakulu ndine." Bamboyo anayang'ana ine, anayang'ana nkhokwe, anayang'ana Gidiyoni, n'kuyang'ananso ine. Sindidziwa amene anasokonezeka kwambiri pakati pa ine ndi iye.

Zimene zinachitika n'zakuti, atakhala pansi kwa Nambewe, aSakala anafunsa ngati Gidiyoni ndiye wamkulu. Atauzidwa kuti wamkulu alipo koma akudwala, anakana kutsegula nkhani. Anati kwawo sakamba za ukwati mwini mbumba ali gone ndi matenda osakamuona kaye, kuopa kuti mawa anthu angadzati anabwera kudzatenga mwana maliro ali pakhomo. Gidiyoni anayesa kuwakaniza, koma ulemu womwewo unamumanga manja. Angaletse bwanji mlendo kuzonda wodwala?

ASakala anakhala pa mtolo wa nsungwi n'kundifunsa mofatsa kuti, "Nanga chikukuwawani n'chiyani, bambo?" Chichokereni kuchipatala, palibe munthu anali atandifunsapo funso limeneli. Onse ankandiuza kuti ndikudwala, koma wondifunsa panalibe. Ndinadzifufuza thupi lonse ngati munthu wofuna singano m'thumba, ndipo ndinayankha kuti, "Palibe." Nditangotero misozi inatuluka yokha, pamaso pa alendo, ine wamkulu ndevu zili mbuu.

Gidiyoni anayamba kufotokoza za mtunda wa ku Vubwi ndi za kuthamanga kuja. ASakala anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Mwanena zoona, njira ndi yaitali. Koma si chifukwa chake makolo anaika ankhoswe awiri, wamkulu ndi wamng'ono? Wamng'ono athamange, wamkulu aweruze. Ine sindinabwere kudzafunsira mbeta kwa miyendo." Anatuma mnzake kukatenga mipando, ndipo nkhani ya ukwati wa Esinati inakambidwa pomwepo, kuseri kwa nyumba yanga, pambali pa nkhokwe yosatha kuluka. Akuluakulu sananame kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Pa tsiku la chinkhoswe ndinalandira tambala wa kuchimuna ndi kupereka thadzi lathu nditakhala pampando, ndipo aSakala nawo anakhala pansi kuti tilingane. Esinati atabwera kudzagwada, anandinong'oneza kuti, "Atsibweni, ndinkaopa kuti mundikana chifukwa ndinakhala chete." Ndinamuuza kuti tonse tinali mumdima umodzi. Sabata yotsatira ndinapempha akulu a mpingo kuti aleke kunditchula pakati pa odwala, ndipo ndinawauza kuti uthenga wa maliro uzifika pakhomo panga ngati pa mwamuna wina aliyense. Kukumba manda sindingathe, koma kupala matabwa a bokosi ndimatha.

Musaganize kuti zonse ndazimvetsa tsopano. Chifukwa chimene Mulungu anasiyira abusa, akulu a mpingo ndi abale anga, n'kukatenga munthu wa kumalire a Mozambique kuti adzandiyankhe, sindichidziwa. Ngati Gidiyoni anachita zija mwa chikondi kapena mwa manyazi, sindinamufunse, ndipo mwina naye mwini sadziwa. Ndimangothokoza Ambuye amene amamva ngakhale pemphero la munthu wosadziwa chopempha.

Inu amene muli ndi m'bale wolumala, chifundo chanu n'chabwino, koma musamusenzere ndi udindo wake womwe. Mufunseni chimene akutha ndi chimene sakutha, mudikire ayankhe yekha. Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza, ndipo mawa mungadzafune kufunsidwa ndinu. Nanunso anzanga aulumali, amene mwauzidwa kuti mupumule musanatope, musaleke kupemphera, ndipo musachoke pamalo panu.

Mwezi wathawu Gidiyoni anafika pakhomo panga ndi njinga yamoto yobwereka, ali wefuwefu. Anati, "Achimwene, valani jekete. Ana aja ayambana ku Vubwi, Esinati wamanga katundu, ndipo akuti salankhula ndi munthu wina koma inu." Mulungu andikhululukire, abale, koma sindinasangalalepo ndi mkangano wa banja ngati tsiku limenelo. Ndinamangirira ndodo zanga kumbuyo, ndinakwera, ndipo tinapita. Banjalo lilipo mpaka lero. Ambuye alemekezeke.