Chingerezi changa ndinachitola m'nyuzi zokulungira mandasi

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Tiyamike wa ku Kawale, ndipo ndikufuna mumve za chaka chimene Chingerezi chinandichotsetsa ntchito.

Ntchitoyo inali yolandira alendo pa loji ina mumzinda muno, ndipo ndinangogwira mwezi umodzi woyeserera. Chingerezi cha Fomu 4 ndinakhoza bwino, koma mlendo akaima pa kauntala ndinkangoti kakasi. Liwu lililonse palokha ndinkalidziwa, koma akawalumikiza n'kunena kuti "sort out" kapena "run out of", mutu unkazungulira. Tsiku lomaliza bwana wamkazi anandiuza pamaso pa anzanga kuti, "Iwe, Chingerezi chako n'cha m'kalasi. Bwerera kwanu ukakazinge mandasi."

Ndinalira m'minibasi njira yonse. Kunyumba mwana wanga wamkazi ankadalira ine ndekha, ndipo masabata awiri sindinaponde kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Kenako manyazi aja anasanduka mkwiyo. Akuti ndikakazinge mandasi? Chabwino, ndikazinga, koma sindifera pamenepo! Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, lilimeli munandipatsa ndinu, limasuleni."

Ndinayamba kugulitsa mandasi pa siteji, dikishonale ili pamwendo, n'kumaloweza mawu khumi tsiku lililonse. Mawa lake onse anali atauluka. Abambo Mhango, mkulu wa mpingo wathu amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, ankabwera m'mawa uliwonse kudzagula mandasi awiri. Atandipeza ndikung'ung'udza ndekha anaseka.

"Mwana wanga, mawu a Chingerezi sayenda okha," anatero. "Ali ngati amayi opita ku chinkhoswe, amayenda m'magulu. Ukagwira limodzi, gwiranso anzake amene lili nawo." Kenako analoza mulu wa nyuzi zakale zimene ndinkakulungira mandasi. "Sukulu yako ndi imeneyi, koma iwe ukungoigawira anthu odutsa."

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziikira lamulo: pepala silikulunga mandasi ndisanaliwerenge. Gulu la mawu likandikopa, monga "heavy rain" kapena "look into the matter", ndinkalikopera m'kope pamodzi ndi chiganizo chake chonse. Abambo Mhango sankalandira mandasi awo ndisanawapangire ziganizo zitatu zanga.

Makasitomala ankadandaula. "Asisi, tikuchedwa ku geni, mudzawerenga mawa!" Amayi a pa mpopi ananditcha Mzungu wa Mandasi, ndipo ndikamadutsa ankakodolana. Zinkandipweteka, sindinama, koma ndinkawapatsa moni m'Chingerezi chomwecho n'kupitirira. Kope loyamba linadzaza, lachiwirinso, onse ali mafuta okhaokha.

Patapita miyezi isanu ndi itatu anandiitana ku intaviyu pa hotela ina. Anzanga pa benchi anali ndi masatifiketi a ku koleji, ine kope m'chikwama. Mmodzi wa ofunsa anadzisandutsa mlendo wolusa amene m'chipinda chake mulibe madzi, n'kuyamba kundikalipira mothamanga. Abale, ndinamva zonse! Ndinamupepesa, ndinamuuza zimene ndichite, mawu akungobwera ndi anzawo monga ananenera Abambo Mhango.

Atandifunsa kumene ndinaphunzira, mtima unati ndiname, nditchule koleji ina iliyonse. Ndinakana. Ndinatulutsa kope lonunkha mafuta lija n'kuliika patebulo.

"Pa ndowa ya mandasi ku Kawale, bwana."

Anapatsirana kopelo akulitsegula tsamba ndi tsamba. Lachisanu foni inalira kuti andilemba ntchito, ndipo lero ndi ine amene ndimaphunzitsa atsopano pa kauntala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa kudzera mwa mkulu wodya mandasi awiri. Inu amene akunyozani, musapinde manja. Gwirani chimene chili pafupi, Ambuye amayambira pomwepo. Bwana wa pa loji uja sindimusungira mangawa. Anati ndikakazinge mandasi pofuna kundinyoza, osadziwa kuti akunditumiza kusukulu.