Mayina Awiri pa Mtanda wa Aphunzitsi Valer Bârsan

Malemu Aphunzitsi Valer Bârsan anabadwa m'mudzi uno pa 9 Malichi 1941, kwa Bambo Simion, oweta nkhosa, ndi Mayi Rafila.

Mu 1951 Bambo Simion anakana kupereka nkhosa zawo ku famu ya boma, ndipo anatengedwa kukagwira ntchito ya kalavulagaga. Sanabwerenso, ndipo pomwe anaikidwa sipanadziwike. Loweruka lokumbukira akufa likafika, amayi ena ankanyamula tirigu wophika ndi uchi kupita naye pa manda a abale awo. Mayi Rafila ankaima ndi mbale yawo pachipata cha manda, kusowa kolowera. Malemuwa anakula akuona zimenezo.

Mu 1965 analowa sukulu ya ukachenjede kukaphunzira Chilatini. Mu 1970 anamanga banja ndi Mayi Ilinca, nabwerera kudzaphunzitsa kuno kwa zaka 36.

Amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira phunziro lawo la pamtima. Ankati liwu lathu lotchulira manda, mormânt, linachokera ku Chilatini monumentum, ndipo muzu wake ndi monere, kukumbutsa. Liwulo linaperepeseka m'kamwa mwa makolo ngati mwala wa mumtsinje, koma choonadi chake chinatsala: manda si dzenje, ndi chikumbutso. Ana a sukulu ankawatcha Bambo Manda. Mayi Ilinca ankadandaula moseka kuti amuna awo amakamba za manda ngakhale pa ukwati wa eni.

Boma lankhanza lija litagwa ndipo ufulu utabwera, Aphunzitsi anapita katatu kukafufuza pomwe panagona bambo awo. Katatu konse anabwerako chimanjamanja, koma Lamulungu ankaimabe pamalo pawo m'tchalitchi n'kumaimba.

Mtima unayamba kuwavuta mu Novembala chaka chatha. Ali gone anauza mwana wawo Sanda kuti, "Mwanawe, mtanda wa pamanda anga ndi waukulu, ndekha sindingaudzaze. Mulembe atate pamwamba, ine pansi." Ambuye anawaitana pa 14 Febuluwale 2024.

Asiya Mayi Ilinca, ana awiri, Sanda ndi Horia, komanso adzukulu asanu. Tikuthokoza ansembe athu, anamwino, amayi amene aphika, ndi Bambo Traian amene asema mtandawu.

Mbusa Wabwino amadziwa nkhosa zake ndi mayina, ngakhale zogona kosadziwika. Tirigu amene tidye lero ndi wa anthu awiri, ndipo mbale ija yapeza potulira. Bambo Simion ndi mwana wanu Valer, usani mumtendere.