Amayi ndi chitsime cha kusukulu

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1964, achiwiri m'banja la ana asanu. Bambo awo anali okumba zitsime, ndipo malemu ankakonda kunena kuti asanadziwe zilembo anali atadziwa kale mitundu ya dothi lotuluka m'dzenje.

Mu 1987 anamaliza maphunziro a zanthaka ndi madzi. Mu 1989 anakwatiwa ndi bambo athu, a telala, amene mpaka lero amati anafunsira mkazi mmodzi koma analandira mkazi ndi mabotolo makumi atatu a dothi. Mabotolowo ankakhala pawindo la kukhitchini, lililonse ndi kapepala kake. Tsiku lina bambo anatapa dothi m'botolo limodzi n'kuthira m'makapu a alendo, poyesa khofi. Alendowo anamwa chifukwa cha ulemu.

Mu 1991 malemu anayamba ntchito ku ofesi yoona za madzi. Ankauza kompyuta mtundu wa dothi, kuchuluka kwa mvula ndi mankhwala otayidwa pansi, iyo n'kuwerengera mmene mankhwalawo adzayendere ndi madzi pansi pa nthaka, ndi chaka chimene adzafike pachitsime. Kompyuta ya masiku amenewo inkatha masiku atatu ikung'ung'udza pa funso limodzi. Akabwera nayo kunyumba, kusita kunkaletsedwa kuopa kuti magetsi angathime zonse n'kuyambiranso. Ana awo ankapita kusukulu ndi malaya okwinyika, koma akuyenda monyang'wa ngati ana a nduna.

Mu 1998 fakitale yofufuta zikopa inapempha malo otayirapo madzi ake oipa, kumtunda kwa sukulu ya pulayimale. Malemu anawerengera, kompyuta inati poizoni adzatenga zaka zana kuti afike pachitsime chimene ana amamwapo. Anasaina lipoti, fakitale inamangidwa.

Mu 2012, akusanja mapepala akale, anapeza kuti diso lawo linalumpha mzere umodzi. Analowetsa nambala ya dongo, limene limagwira madzi, pamene pansi pa fakitaleyo pali mchenga, umene umangowalola kudutsa. Atawerengeranso, zaka zana zinasanduka makumi atatu: chaka cha 2028. Palibe munthu akanadziwa. Koma Lolemba lotsatira anavala suti yawo yabuluu n'kukadzinenera okha kwa abwana.

Abwanawo anawayamikira kwambiri chifukwa cha kukhulupirika, kenako anawasamutsira m'chipinda chosungira mafayilo, chopanda windo. Anawauza kuti lipoti loyamba lili ndi chidindo, lachiwiri lilibe. Kuyambira pamenepo mpaka atapuma pantchito, malemu analemba makalata khumi ndi anayi opempha kuti chitsimecho chitsekedwe, ana a sukuluwo akumbiridwe china kutali. Kunyumba sanasiye kuseka, koma akadutsa pasukulupo ankayang'ana kumbali.

Mu Juni 2023 anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi. Mwana wawo wamwamuna, amene akuwerenga mbiri ino, anasiya koleji ali m'chaka chachitatu kuti awasamalire. Malemu sanakondwere nazo, ndipo alendo akabwera ankamutchula kuti pulofesa wa mabeseni. Manja awo atayamba kunjenjemera, iye ndi amene ankalowetsa manambala a chitsime chija m'kompyuta, iwo ali chigonere, akumulamula kuti nambala iliyonse aiwerenge kawiri mokweza. Akalakwitsa ankamumenya ndi supuni padzanja, osapweteka. Iye angakonde atamenyedwanso kamodzi.

Anatisiya Lachisanu pa 3 Okutobala 2025, ali ndi zaka 61.

Asiya amuna awo, mwana wamkazi, mwana wamwamuna ndi mdzukulu mmodzi amene sanayambe kuyenda. Ife a banja tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza mwaulemu, achemwali awo amene anasiya nyumba yawo miyezi isanu, ndi oyandikana nafe amene sanatope kugogoda pakhomo.

Tikuthokozanso akuluakulu a ku ofesi, amene abwera ndi nkhata yaikulu ya maluwa. Taiona, ndi yokongola. Kalata yakhumi ndi chisanu malemu anaisaina sabata yatha ndi dzanja logwiridwa, ndipo ili m'thumba la mwana wawo wamwamuna. Akupatsani pamanja tikamabalalika, anthu onsewa akuona. Pachitsime chija pamamwa ana mazana anayi, ndipo zatsala zaka zitatu.

Amayi, mbali yanu mwakwanitsa. Yotsalayo tisiyireni, inu muuse mumtendere.