Chimbale choyamba sanachipeze

Basi inachedwa. Pabenchi panali mayi wovala zakuda atakumbatira chimbale cha kanema, ndi bambo wina wachipewa amene sankadziwana naye.

"Mayi, si za maloboti akuluakulu zija zimenezo? Chakalekale chimenecho. Yambirani zatsopano, zithunzi zake n'zowala."

"Zatsopano? Bambo inu, malemu amuna anga akanakumvani! Umayamba ndi ichi, pamene nkhondo ikubuka. Kenako za ana a omenya nkhondowo. Zobwerera m'mbuyo zija umaonera pomaliza, apo ayi udziwiratu amene afe."

"Ha! Mukuzidziwa chonchi?"

"Ndinkaonera nawo matenda onse aja, uku ndikuwatembenuza pabedi. Palibe chimene ndinadumpha."

"Nanga zimbale zinazo zili kuti?"

"Alamu anga anakokolola. TV, mipando, zimbale, anthu asanabalalike n'komwe pamaliro. Ichi chokha ndinachimangirira m'chiuno."

"Ndiye aonera bwanji popanda choyamba?"

"Dzulo anandiimbira foni, manyazi alibe. Akuti sakumvetsa mutu wake, ndiwauze poyambira."

"Munawauza?"

"Ndilekerenji? Ndinati yambirani chomaliza, alamu. Ngakhale kwa mbale wanu, si munangofika kumapeto?"