Amuna Khumi pa Chiliza cha Amayi

— Halo?

— Halo, Joram? Ndine Debora.

— Achemwali. Dikirani ndichoke pakhomo pano, anthu akukwera. Eya. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe. Uli kuti kwaphokoso chonchi?

— M'sitima, ndikubwerera ku Amsterdam. Ikaduka musadabwe, netiweki ya njira ino mukuidziwa. Batirenso yafiira.

— Munthu wa ndevu zake, chaja alibe.

— Ndinabwereketsa mnzanga. Alamu a Daan ali bwanji?

— Alipo, msana womwewo.

— Nanga Noa?

— Mwana wanga akuti amalume ake sayankha mameseji.

— Ndimuyankha lero lomwe. Amalume a Maup?

— Akuyenda ndi ndodo tsopano, koma pakamwa mpomwe paja. Mkono wako uli bwanji?

— Pulasitala anachotsa. Kukazizira umaluma, koma supuni ndikunyamula.

— Uzinyamula supuni yomweyo. Usabwererenso ku West Bank kukatchinga zibonga za eni.

— Sindinapite kukatchinga zibonga. Ndinkangoyenda ndi abusa a nkhosa. Anyamata achiyuda olanda malo aja akaona Myuda ali ndi kamera pakati pa Apalestina, nthawi zina amabwerera.

— Ndiye tsiku limenelo sanabwerere.

— Sanabwerere.

— Basi, tizisiye. Chiliza cha amayi aika dzulo.

— Mwakachiona?

— Ndinapita ndi amalume. Chakuda, chofanana ndi cha bambo. Zilembo za Chihebri amalume anaziwerenga kawiri ndi chala, palibe cholakwika. Achiphimba ndi nsalu mpaka Lamulungu.

— Leveni koloko, eti?

— Leveni.

— Ndikwera ya m'mawa, pofika teni ndili pa siteshoni. Ndibweretse chiyani? Nsomba zamchere zija amayi ankakonda?

— Nsomba zilipo.

— Keke ya batala?

— Ndiphika ndekha.

— Ndiye ndibwere chimanjamanja ngati mlendo? Halo? Achemwali, mulipo?

— Ndilipo.

— Mawu anu sali bwino. Mwandiyimbira nkhani ya keke?

— Vidiyo ija ndinaiona.

— Iti?

— Usandiyese mwana. Uli kutsogolo kwa siteshoni, wafunda nsalu yopempherera ya bambo, maikolofoni kukamwa, ukunena Kadishi. Kumbuyo kwako mbendera za Palestina zili petupetu.

— Ndi ine, sindikukana.

— Pemphero la maliro athu, Joram. Pamsewu, pafupi ndi pogulitsa tchipisi.

— Tinkatchula mayina a ana amene afa ku Gaza. Tinayamba m'mawa, mdima unagwa tisanathe. Ndiye titatha kutchula tikanatani, tiwombe m'manja? Ine pemphero la anthu akufa ndimadziwa limodzi lomwelo.

— Ali ndi mapemphero awo.

— Owapempherera ambiri ali pansi pa nyumba zogumuka zomwezo. Ndipo mabombawo a ku Israeli akuti akuwaponya kuti inu ndi ine tigone bwino. Ine sindikugona.

— Ukuyesa ine ndimagona? Pa sunagoge pathu pamaima wapolisi tsopano. Noa kanyenyezi kake kachiyuda ka m'khosi amakabisa mu juzi akamakwera basi. Iwe uli ku Amsterdam ndi anzako, ife tili kuno, tauni yoti Ayuda tonse tikhoza kukwana m'basi imodzi.

— Ndikudziwa, ndipo zimandiwawa. Koma agogo aja anabisidwa kudenga ndi alimi pa nkhondo ija Ayuda akusakidwa, alimiwonso anali ndi anansi oti...

— Usawadzutse agogo m'manda kuti akuwinitse mlandu. Ndakuuza kangati?

— Chabwino. Pepani.

— Vidiyoyo yazungulira mpingo wonse. A Polak aiona.

— Mayo.

— Ee, mayo. Ukudziwa kuti chiphedwereni mdzukulu wawo Liat ku Israeli pa chiwembu chija cha Okutobala, bambo aja sanasekepo.

— Dzina la Liat tinalitchulanso. Ndinalitchula ine ndi pakamwa panga.

— Mu vidiyo mulibe.

— Wodula vidiyoyo sindimudziwa.

— Ndipo usayerekeze kukawauza. Akamva kuti mdzukulu wawo unamutchula pamodzi ndi a ku Gaza, adzagwa pompo.

— Onse ndi ana, achemwali.

— Kawauze wekha zimenezo, munthu amene anakaika bokosi losatsegula.

— ...sindinga... mukuti...

— Halo? Ukuduka.

— Tadutsa pansi pa mlatho. Ndikuti, a Polak atani? Nenani, batire ikutha.

— Anabwera kunyumba dzana, iwo ndi amalume. Khofi sanamwe. Akuti ukangolowa pa geti la kumanda Lamulungu, iwo ndi ana awo awiri aja akubwerera ku galimoto.

— Abwerere. Manda ndi a amayi anga.

— Werenga, Joram.

— Ndiwerenge chiyani?

— Amuna. Kadishi sanenedwa popanda amuna khumi, kapena zimenezonso mwazisintha kwanuko?

— Sitinasinthe.

— Ndiye werenga. Ndayimba mafoni mlungu wonse. Wina ali m'chipatala, wina anasamukira kwa ana ake. Ndi a Polak atatuwo, popanda iwe, akukwana khumi ndendende. Iwe ukabwera, iwo n'kuchoka, mutsala asanu ndi atatu. Tidzavula nsalu pa chiliza, tidzayang'anana, basi tizipita kukadya keke.

— Ndiye mukuti chiyani?

— Wamva.

— Ayi, ndikufuna munene.

— Usabwere.

— Achemwali.

— Usabwere, Joram. Ubwere Lolemba, ndidzakuperekeza ndekha, udzaika kamwala kako pa chiliza monga mwa mwambo, palibe adzakuone.

— Nanga Kadishiyo adzanena ndani? Mwana wamwamuna ndine.

— Amalume akuti anena iwo.

— Amalume.

— Ndi mlongo wawo, ndi zololedwa.

— Ndi zololedwa munthu akafa wopanda mwana wamwamuna. Ine ndili moyo, ndili m'sitima, ndikulankhula nanu.

— Pa maliro unali moyonso.

— Musatero.

— Nditero. Amayi anamwalira Lachiwiri, tinaika Lachitatu monga mwa mwambo, iwe uli kuphiri ndi nkhosa, foni yosagwira. Ndinayimba mpaka chala kuwawa. Ukudziwa amene anakhala nane usiku amayi akutsirizika? Mayi Polak. Ndi iwo anawatseka maso, ndi iwo anawasambitsa. Lero ndikawauze kuti amuna awo achoke pa manda?

— Uthenga ndinaumva Lachinayi, nditakwera pa thanki ya madzi kufuna netiweki. A Hamdan, eni nkhosa zija, anandipeza ndili pansi. Anaitana banja lonse, anakhala nane pamphasa mpaka ndinapeza ndege. Sanandifunse kuti amayi ako ankaganiza chiyani za ife.

— Ndiwathokoze?

— Ayi. Ndikungonena kuti sindinali kumowa. Dothi sindinaponye, achemwali. Chaka chonse ndadikira Lamulungu limeneli. Ndi lokhalo latsala.

— Ndikudziwa.

— Imvani. Mwati titsala asanu ndi atatu. Ndibwera ndi awiri.

— Awiri ati?

— Anzanga a m'gulu lathu. Elias ndi Dov. Ndi Ayuda ngati ife, Dov bambo ake anali rabi, pemphero amalidziwa kuposa amalume.

— Anali nawe mu vidiyo?

— Dov ndi uja wagwira ambulera.

— Wamisala iwe. Ndichotse a Polak, amene ankawanyamulira amayi zogula chaka ndi chaka, ndiikepo wa ambulera? Anthu osawadziwa n'komwe amayi?

— Lamulo silinena kuti khumi odziwa malemu. Limangoti khumi.

— Lamulo silikhala m'tauni muno. Ine ndimakhala. Lamulungu madzulo iwe ukwera sitima yako, ine Loweruka ku sunagoge ndikakhala benchi limodzi ndi mayi Polak. Akandiyang'ana ndidzayang'ana kuti? Ndipo amalume akaona anzakowo akhoza kuchoka nawonso.

— Amalume achoke pa manda a mlongo wawo?

— Sukuwadziwa? Anakana kudya kwathu miyezi itatu chifukwa cha dzina lako.

— Nanga alamu akuti chiyani?

— Daan akuti zili kwa ine. Aliyense akuti zili kwa ine. Ndawasamala amayi zaka zonsezi, matewera ndasintha ine, koma pa khumi paja sindiwerengedwa. Ntchito yanga ndi kuyimba mafoni kupempha amuna kuti abwere, lero ndikupempha wina kuti asabwere.

— Inuyo mukufuna chiyani?

— Ndikufuna amayi apemphereredwe, osati anthu azikangana pamutu pawo.

— Chabwino.

— Chabwino chiyani?

— Sindilowa pa geti.

— Ukunena zoona?

— Zoona. A Polak abwere, akwane khumi, amalume anene Kadishi. Koma sitima ndikwera.

— Joram, ndangokuuza kuti...

— Dikirani. Kuseri kwa manda kuli kanjira kanjinga kaja, mukukakumbukira? Kamene tinkadutsa tili ana popita kosambira. Pali mpanda wa maluwa wautali. Chiliza cha bambo chili pafupi ndi mpandawo, ndiye cha amayinso. Ndikaima kuseri, palibe andione. Amalume mawu awo ndi aakulu, ndidzamva.

— Ndiye udzatani kumeneko?

— Ndidzavomera Ameni. Chapansipansi. Ameni saletsa munthu, ngakhale ali kunja.

— M'mvula muja?

— Ndibwereka ambulera ya Dov.

— Usandiseketse, sindikufuna kuseka.

— Mukamaliza ndidikira galimoto zonse zichoke, ndilowe ndiike kamwala kanga, ndizipita. Keke mundisungire pa windo la kukhitchini ngati kale. Halo? Yaduka?

— Sinaduke.

— Mukulira?

— Ndili ndi chimfine.

— Mwapeza zimene mumafuna, achemwali. Khumi akwana.

— Khala chete pang'ono.

— Batire...

— Ndati khala chete. Ndikukuona. Ndi jekete lako long'ambika lija, uli kuseri kwa mpanda ngati wakuba njinga. Ine ndili mkati maso ali pa mpanda wa maluwawo, ndikudziwa kuti mwana wa amayi ali apo, amalume akunena pemphero ngati la munthu wopanda mwana wamwamuna. Amayi aja ankakutukwana Lachisanu lililonse chifukwa cha ndale zakozo, mpaka supu kuzizira.

— Ankandituma kuti ndikamete, kenako n'kuyamba za Israeli.

— Koma tsiku limene amalume ananena kuti usamabwere pa tebulo, amayi anawapatsa chipewa chawo amalumewo kuti azipita. Iwe unatsala ukudya.

— Ndikukumbukira.

— Ndiye ine ndikuike kunja kwa mpanda? Adzandifunsa chiyani ndikadzawapeza?

— Achemwali, musasinthe chifukwa cha chisoni. Mayi Polak...

— Mayi Polak ndikawaona ndekha mawa. Ndikawauza kuti malo awo alipo, a amuna awo alipo, ndipo mlongo wanga adzaima pafupi ndi ine. Akachoka ndiye kuti achoka okha, sindinawathamangitse. Mwina sadzandilankhulanso. Ndikuopa, Joram, ndisakunamize.

— Ndikhoza kupita nanu.

— Iwe ukaononga. Anzako aja wati ndi angati?

— Awiri.

— Peza atatu. Amalume sindikuwakhulupirira.

— Wachitatu alipo, koma ali ndi ndolo.

— Avale chipewa chofika m'makutu. Ndipo tamvera, mbendera ayi, mabaji ayi, maikolofoni ayi. Wina akakulankhula zopweteka, umeze. Akakutukwana, umeze. Ukatsegula pakamwa ndi Kadishi basi.

— Ndimeza.

— Ndipo sindinanene kuti ukulondola pa zako zija.

— Sindinamve choncho.

— Mwina ukulondola zina. Sindikudziwa. Tidzakangana bwino keke ikatha.

— Achemwali, foni ikuthima. Funso limodzi. Nsalu ya bambo ija, ndibwere nayo kapena ndiisiye? A Polak akaiona adzaizindikira.

— Bambo anakusiyira kuti uzikapempherera ndani?

— Ndibwere nayo?

— Bwera nayo. Koma uisite. Mu vidiyo muja inali yokwinyika, ndinachita manyazi.

— Simbi ndilibe.

— Ndinadziwa. Kwera ya m'mamawa, ufikire kunyumba, ndidzakusitira ine. Wamva? Ufikire pakhomo la kutsogolo, osati... Halo? Joram? Halo?