Fifite ya Pakeke

Telala wa kuseri kwa msika anali atayala kale nsalu yoyera patebulo lodulira zovala, akudikira anzake a phwando la tsiku lake lobadwa, pamene mlongo wake, kalipentala, analowa atanyamula keke. Awiriwa ndi mapasa, koma kwa anzake onse, makamaka kwa bambo wa sitolo ya mankhwala amene anamudya mtima, mayiyu ankati akukwanitsa fote.

"Chalembedwa pamwambapo n'chiyani?" anafunsa telala, manja ali m'chiuno.

"Fifite."

"Fifite ya ndani?"

"Yathu. Ndinapempha manambala akuluakulu, poti masiku ano ulusi pasingano amakulowetsera ndi ena."

"Unalumbira kuti zaka zanga suuza munthu."

"Wophika keke ndinamuuza zanga."

"Fufuta. Ine lero ndikukwanitsa fote."

Kalipentala anaika keke patebulo, n'kuchotsa pensulo kukhutu ngati pali choti ayeze. Munthuyu bodza samalidziwa, ndipo nthabwala imamudutsa ali chiyang'anire.

"Fote tinadyerera kale," anatero. "Unavala diresi lobiriwira, mpando unathyoka, wokonza ndinali ine."

"Imeneyo inali yoyeserera."

"Oo. Nanga ine ndikukwanitsa zingati?"

"Zako ndi zako. Kaya fifite, kaya handiredi, ine sizikundikhudza."

"Koma tinabadwa tsiku limodzi."

"Anaona ndani? Tamvera, alendo akafika, iwe ndiwe achimwene anga aakulu."

"Woyamba kutuluka ndiwe. Amayi ankanena."

"Amayi anali atatopa, sankaona bwino."

Kalipentala anakanda m'mutu ndi pensulo.

"Ndiye kuti ine ndinabadwa, iwe n'kutsalira m'mimba zaka teni?"

"Ndinalibe changu."

"Aa, amayi anavutikatu. Nanga kusukulu amene ankakhala nane desiki imodzi uja anali ndani?"

"Mnzako wina wofanana nane."

"Ankandibera rabala ngati iwe."

Telala anatenga mpeni n'kuyamba kupala faifi wa pakekepo. Zoona zake, mayiyu ankaopa. Anakhala yekha nthawi yaitali, ndiye poti wapezeka bambo womudikira pakhomo la sitolo ndi moni wautali, nambala ya pakeke imuthawitse?

"Ukapala faifi patsala ziro," anatero kalipentala. "Alendo ayesa wabadwa lero."

"Khala chete. Bambo a kumankhwala aja akaona fifite, ine ndiye basi."

"Saiona. Sabwera."

Mpeni unaima.

"Wati chiyani?"

"Ndinali kusitolo kwawo dzulo, kukhoma mashelefu. Anati ndikuuze kuti sabwera."

"Ndiye ukunena pano?"

"Sunandifunse."

"Chifukwa chake anati n'chiyani? Akudwala?"

"Ayi, ali bwino. Akuti amakukonda mpaka tulo sapeza, koma iwo anadutsa kale sikisite. Mkazi wa fote kwa iwo ndi mwana, anthu angawaseke kuti akuyenda ndi mwana wawo wamkazi. Akuti asiya zokulonjera, afune wa msinkhu wawo, woti akamadandaula mawondo azimvana."

Telala anakhala pampando wa makina osokera, pang'onopang'ono.

"Iwe unali pomwepo, zoona ukuzidziwa, osawauza?"

"Ndinalumbira."

"Ngakhale kutsokomola kokha, kuti akayikire?"

"Chifuwa ndinalibe."

Panja panamveka kuseka kwa anzake akubwera ndi mphatso. Telala anayang'ana keke, kenako ndi nsonga ya mpeni anayamba kubwezera faifi uja mwaluso, ngati akusoka chigamba.

"Ukuyimiranji pamenepo?" anatero osadzutsa mutu. "Thamanga kusitoloko."

"Ndikanene kuti ndine achimwene ako aakulu?"

"Aakulu kwa ndani, mwana iwe? Ukawauze kuti woyamba kubadwa ndine, ndipo mawondo sandigonetsa."