Chimene Masiki Ikubisa

Pa siteji ya minibasi ku Nselema, bambo wina wonyamula dengu la nsomba zouma anafunsa mayi amene anaima naye pafupi.

"Amayi, korona inatha kalekale. Masikiyo mukuvalirabe chiyani?"

"Si korona iyayi, achimwene. Mano atatu akutsogolo anandizula."

"Pepani. Anatani?"

"Anawola. Linayamba kupweteka limodzi, nthawi ya mliri ija. Ndinkaopa chipatala, ndiye ndinkangochukucha madzi amchere."

"Tonse tinkaopa. Nanga mliri utatha?"

"Ndinali nditazolowera ululuwo. Nditapita ku Balaka, adokotala anati ndikanabwera msanga akanangomata."

"Bola ululu unatha."

"Unatha. Koma pa ukwati wa mwana wanga Ramla sindinaseke ngakhale kamodzi. Akuchimuna mpaka lero amati ukwatiwo sindinaufune."